Magazi a Sdudla wa ku Madumabisa

Ku Madumabisa, komboni ya ogwira ntchito kumgodi wa malasha, kunalibe munthu wosawadziwa a Stanford Gausi, ngakhale kuti dzina limeneli ankalidziwa ndi ochepa. Ambiri ankangoti Sdudla, lomwe m'Chindebele ndi dzina la mwana wonenepa, wa masaya ogwedera. Anawapatsa dzinali ali pasukulu, ndipo m'malo molisiya atakula, iwo anangokulira momwemo mpaka kulidzaza.

Ine ndine Letty, msuweni wawo. Mayi anga ndi bambo awo anali a bere limodzi, choncho mwa mwambo wathu a Stanford anali amuna anga, ndipo ndinali ndi ufulu wowanena chilichonse popanda mlandu. Ufulu umenewu sindinausunge m'sutikesi ayi. Ndinaugwiritsa ntchito ali moyo, ndipo ndikuugwiritsa ntchito lero.

Bambo awo, amalume anga a Simoni, anachokera ku Ntcheu ali mnyamata kudzakumba malasha kuno ku Hwange. Anali munthu woonda ngati mpini wa khasu, ndipo anamwalira ali choncho. Akamuyang'ana mwana wawo ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Ine ndinafika kuno ndi bulangete limodzi ndi nthiti zooneka. Uyu wadya gawo langa, la agogo ake, ndi la onse amene tinawasiya kumudzi."

A Stanford sanalowepo pansi pa mgodi. Ankayendetsa chigalimoto chonyamula malasha ku mgodi wa pamtunda, cha matayala otalika kuposa munthu. Anzawo ankati kampani inawaika kumeneko chifukwa chikepe chotsikira pansi chikanadandaula. Ntchito yake inali yokhala pampando kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, ndipo akaweruka ankakhalanso pampando wina, patsogolo pa mbale ya mazondo, zimene kumudzi amati mang'ina. Nyama ankasankha ya mafuta. Mandasi ankadya oyamba ali chiimire, podikira kuti tiyi afike. Tiyiyo akafika ankathira shuga mpaka supuni kuima yokha, ndiye mmene ndinkawanenera ine.

Kutchuka kwawo kwenikweni kunali pa chingwe. Chaka chilichonse pa tsiku la masewero a ogwira ntchito kumgodi pankakhala mpikisano wokokana chingwe, ndipo nkhondo yaikulu inali ya makomboni awiri, Madumabisa ndi Lwendulu. A Stanford ankaima kumapeto, chingwe atachikulunga m'chiuno. Sankakoka. Luso lawo lonse linali kuponda pansi, kutsamira chagada n'kuima nji! A ku Lwendulu ankakoka mpaka maso kutong'oka, iwo ali phee, nthawi zina akupatsa moni odziwana nawo m'gulu la oonerera. Enawo akatopa, a Stanford ankabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono ngati munthu amene wakumbukira kuti waiwala chipewa kunyumba, ndipo mzere wonse wa Lwendulu unkawatsatira chokwawa. Chaka china a ku Lwendulu anakadandaula kwa oyendetsa masewero kuti Sdudla aziwerengedwa ngati anthu awiri. Dandaulo silinaphule kanthu, koma iwo analikonda kwambiri moti ankalifotokoza ngati mendulo.

Akazi awo, a Mailesi, anakawatenga kumudzi ku Ntcheu. Ndi mayi wamfupi, wochepa thupi, wa Chigwirizano kutchalitchi kwathu. Iwo ndi amene ankanyadira thupi la amuna awo kuposa mwini wake.

"Mwamuna wonenepa ndi satifiketi ya mkazi," ankatero. "Inu a Letty, amuna anu aja anali ngati ndodo ya tsache, anthu ankati simudziwa kuphika."

"Anga anali a mtundu wothamanga," ndinkayankha. "Anuwa moto utabuka m'nyumba tidzachita kugumula khoma."

A Stanford atapuma pantchito, cha m'ma 2005, anayamba kumva ludzu losatha ndi kutaya madzi pafupipafupi. Kukiliniki anawapeza ndi matenda a shuga. Sisitala wa kumeneko anawauza mosabisa kuti achepetse thupi, asiye za mafuta, ayambe kuyenda.

"Sisitala," anatero iwo, "nyumba iyi ndaimanga zaka makumi asanu, njerwa imodziimodzi. Inu mukuti ndiigwetse?"

Komabe anasinthako. Anasiya kuthira shuga mu tiyi pamaso pa akazi awo.

Kenako chinafika chaka cha 2007, chimene aliyense wa kuno amachikumbukira ndi mimba yake. M'masitolo mashelefu anali mbee. Buledi unkamumva mbiri chabe. Ine ndinkagulitsa tomato ndi kapenta pamsika wa ku Empumalanga, ndipo ndinkaona anthu amene ndinawadziwa ali ndi makosi akubwera atatsala makutu okha. Choncho a Stanford atayamba kuonda, palibe anadabwa. Dziko lonse linkaonda. Iwo eni ankaboola lamba ndi msomali akuseka, amvekere, "Chaka ichi n'chaulemu, chafika mpaka kwa Sdudla."

Koma ena ankaonda n'kuima penapake. Iwo sankaima. Malaya anayamba kulendewera m'mapewa. Ankadandaula msana, makamaka akagona chagada, ndiponso kuyabwa thupi lonse, moti ndinawapeza tsiku lina akudzikhula pa felemu ya chitseko ngati ng'ombe pamtengo. Ndinawaseka, iwo anasekanso, koma m'maso mwawo munali mwachikasu.

A Mailesi anabwera kumsika kudzandiuza chimene chinawaopsa. Anali atapeza mazondo movutikira, kudzera mwa munthu wodziwana naye kubutchala. Anawaphika tsiku lonse. Amuna awo ananunkhiza, n'kukankhira mbale kutali.

"Akana mazondo, a Letty," anatero. "Chikwatirane sindinazionepo."

Pamene ife tinkada nkhawa, anthu anali atapeza kale dzina la matendawo. Masiku amenewo munthu akaonda msanga, mawu anali amodzi: kaliwondewonde. Tinali titaika anthu ambiri ndi matenda amenewo, abale athu enieni, ndipo ena mwa onong'onawo anali nawo m'nyumba zawo zomwe, koma kunong'ona sikunathe. Ankati, "Madalaivala tikuwadziwa," kuiwala kuti galimoto ya a Stanford sinatulukepo mumgodi, ndipo ulendo wawo wautali unali wochoka pokumba kukafika pokhuthula. Ku Chigwirizano amayi ena anayamba kulankhula ndi a Mailesi ndi mawu ofewa kwambiri, aja olankhulira namfedwa.

A Stanford atamva, anavala jekete, natenga akazi awo kukayezetsa onse awiri. Anapezeka opanda kachilombo. Pobwera ankafuna kuti Lamlungu akaime kutsogolo m'tchalitchi alengeze, pakati pa zolengeza za maliro ndi za kwaya. A Mailesi anawaletsa.

"Mukalengeza zimene mulibe, bambo a Darlington. Nanga zimene muli nazo mukuzidziwa?"

Dokotala wa kuno atawaona maso ndi kuwagwira pamimba, anati apite ku chipatala chachikulu ku Bulawayo. A Mailesi Chindebele chawo n'chogulira ndiwo basi, Chingerezi ndiye ayi, choncho ndinawaperekeza ine. Pokwera kombi, minibasi ya kuno, yopita kokwerera basi panachitika chinthu chimene chinawapweteka kuposa msana. Kale kondakitala aliyense ankawauza kuti alipire mipando iwiri, ndipo mkangano umenewo unali ngati moni. Tsiku limenelo mnyamatayo anangoti, "Sunthirani uko, baba," n'kuikanso anthu atatu pamzere womwewo.

"Wandinyoza mwana uja," anatero titatsika.

"Wakulemekezani, amuna anga," ndinatero. "Wakuyesani mnyamata."

Ku Bulawayo anawagoneka, anawajambula m'mimba, ndipo tinadikira. Amene anabwera kudzatiuza anali dokotala wamkazi wachitsikana, Sithembile Mlotshwa, wamagalasi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuyeza mawu aliwonse. Ankalankhula Chindebele, ine n'kumawamasulira a Mailesi. Anati pa kapamba pali chotupa, khansa, ndipo chatseka njira ya ndulu, n'chifukwa chake maso achita chikasu. Anayamba kufotokoza kuti kapamba ali pati ndipo amagwira ntchito yanji.

"Ndikumudziwa, adokotala," anamudula a Stanford. "Wa ng'ombe ndadya wambiri, wootcha, wothira mchere ndi tsabola. Lero wabweza."

Dokotala sanadziwe ngati aseke. Ine ndinaseka kuti ndimupatse njira, koma a Mailesi nditawamasulira sanaseke.

Chotupacho chinali chitafika poti sangachichotse. Anati angathe kuchita opaleshoni yaing'ono yotsegulira ndulu njira ina, kuti chikasu ndi kuyabwa zichepe, komanso kuwapatsa mankhwala a ululu. A Stanford anavomera.

Tsiku lotsatira dokotala uja anabweranso, nakhala pampando pafupi ndi bedi. Anati iye ndi anzake angapo akuchita kafukufuku pa magazi a odwala khansa ya kapamba, ndipo akupempha ngati angatengeko pang'ono. Anatsindika kuti ali ndi ufulu wokana, ndipo kukana sikusintha chithandizo chawo.

"Tengani," anatero iwo, akupinda kale mkono wa malaya. "Koma bweretsani singano yaikulu. Magazi anga ndi a msuzi, yaing'ono itsekeka. Mukufunamo chiyani?"

Iye anafunsa kaye kuti kale ankalemera bwanji. Pamenepo ndiye anatsegula mpopi. Anamva za chingwe, za Lwendulu, za dandaulo lija la anthu awiri. Anamvetsera zonse moleza mtima, kenako anafotokoza. Anati mafuta ochuluka m'thupi, makamaka a pamimba, sangokhala phee ngati thumba la ufa. Amatulutsa zinthu zimene zimachititsa thupi kukhala lotupa mkati, pang'onopang'ono, kwa zaka zambiri, munthu osamva kanthu. Kutupa kumeneku kumasiya zizindikiro m'magazi zimene angathe kuziyeza. Chimene iwo ankafuna kudziwa n'chakuti kodi zizindikirozo zikakwera, zimanena kanthu za mmene khansa ya kapamba iyendere mwa munthuyo.

A Stanford anaganiza pang'ono.

"Kwathu kuli malo amene malasha akuyaka pansi pa nthaka," anatero. "Pamwamba pali udzu bwinobwino, mbuzi zikudya. Koma mwana akapondapo amapsa phazi. Ndi zimenezo?"

"Zikufanana, baba," anayankha dokotala. "Kungoti zathuzi sitinazimvetse zonse. N'chifukwa chake tikufufuza."

Opaleshoni inayenda bwino. Atatsitsimuka, chinthu choyamba kufunsa dokotala atafika chinali cha magazi aja. Iye anati zotsatira zabwera, ndipo chizindikiro cha kutupa chili chokwera kwambiri.

"Kuposa cha uyo wa pawindo?"

"Za odwala ena sindinganene, baba."

"Chabwino. Koma mwa onse amene mwawayeza, alipo wondiposa?"

Dokotala anakonza magalasi ake. "Chanu chili m'gulu la zokwera kwambiri."

A Stanford anandiyang'ana, nkhope ikuwala ngati kale pa tsiku la masewero. "Wamva, Letty? Ngakhale magazi anga sakhala nambala thu."

Dokotala akanatha kuwasiya choncho, koma sanali munthu wotero. Anakhala pansi nawauza kuti pa mpikisano uwu wopambana ndi wotsika. Anati nambala imodzi siingalosere tsiku la munthu, ndipo matenda eniakewo amakwezanso chizindikirocho, koma mwa odwala amene anawaona, amene chinali chokwera chotere kawirikawiri matenda ankawathamangira. Anawalangiza kuti apite kunyumba, akakhale ndi anthu awo, akalongosole zofunika kulongosola.

Ndinamasulira a Mailesi mawu ochepa chabe, otsalawo anawawerenga pankhope panga. A Stanford atalankhula, sananene za iwo eni.

"Ndili ndi mwana wamwamuna, Darlington. Amagwira ku pawa sitesheni. Mukamuona ndiye mwandiona ine wakale, mimba yake yomweyo. Moto umenewu ali nawo?"

Dokotala anati kunenepa si khansa, ndipo onenepa ambiri sadzadwala konse matenda amenewa, koma n'kwanzeru kuti mwanayo ayezetse shuga ndi kusamala thupi. Kenako, ngati wongodandaula yekha, anawonjezera kuti kafukufuku wawo akusowa anthu oyerekeza nawo: amuna a msinkhu ngati wawo, amene akhala onenepa zaka zambiri koma alibe khansa. Anati chaka ngati chino anthu otere n'ngosowa ngati shuga m'sitolo.

A Stanford anadzuka pang'ono pa pilo, bala la opaleshoni lisanapole.

"Mukusowa anthu onenepa? Mwana wanga, mukanayamba ndi mawu amenewo. Zimenezo ndisiyireni."

Titabwerera ku Madumabisa chikasu chinachepa, kuyabwa kunatha, ndipo kwa kanthawi anapezako mphamvu. Mphamvu zonsezo anazithera pa ntchito imodzi. Anaitanitsa anzawo onse a pachingwe, nawakhazika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba masana ena Loweruka. Iwo anakhala pa mpando wawo waukulu wachitsulo, umene mnzawo wina anawaotcherera kalekale, ndipo tsopano ankaoneka ngati mwana wokhala pa mpando wa bambo ake.

Analipo a Antonio, a makolo ochokera ku Tete, amene ankaima patsogolo pawo pachingwe ndipo anali achiwiri kwa iwo pa kulemera. Analiponso a Raphaeli, mkulu wa mpingo, munthu wokayikira chilichonse kuyambira nyengo mpaka wailesi. Enawo anali amuna akuluakulu amene njala inawaphwetsako koma sinawamalize.

A Stanford anafotokoza zonse, za mafuta, za kutupa, za dokotala wofuna magazi. Anthu anayang'ana pansi.

"Anga ndikuwagwiritsa ntchito," anatero a Antonio.

"Akutenga a m'kabotolo kochepa ngati chala. Inu muli ndi mgolo."

"Kumudzi kunali anamapopa chaka chija," anatero a Raphaeli. "Abale analemba. Ankabwera chonchi, mwaulemu, ndi magalasi."

"A Raphaeli, anamapopa amene amakufunsa kaye ngati ukufuna, n'kukuuza kuti ukhoza kukana, munawamvapo kuti?"

Panalibe wovomera. A Stanford anapuma mozama, napukusa mutu mwachisoni.

"Basi, palibe kanthu. Ndimuuza dokotala kuti apite kwa a ku Lwendulu okha. Iwo avomera kale. Akuti n'zodziwikiratu kuti a ku Madumabisa aopa, chifukwa chilimbire chawo chonse chinali Sdudla."

Kunena zoona, a ku Lwendulu anali asanamve kalikonse. Amene anakawauza ndine, mawa lake, ndipo ndinatumidwa kukanena kuti a ku Madumabisa avomera kale ndipo akuti a ku Lwendulu aopa. Ndinapita. Msuweni akakutuma bodza lopanda wovulala, umalinyamula bwinobwino.

Dokotala anabwera Loweruka lina m'mawa ndi sisitala mmodzi, sikelo ndi bokosi lozizira, atabwereka chipinda pakiliniki ina. Ankayembekezera anthu ochepa. Anapeza mizere iwiri ya amuna, wa Madumabisa uku wa Lwendulu uku, osayang'anana, ena atavala masuti a ukwati amene tsopano ankawakwana koyamba patapita zaka. A Stanford tinawabweretsa pa galimoto ya mnzawo, nakhala pakhomo ngati woyang'anira mayeso.

Vuto linali loti ena anali ataonda kwambiri moti sikelo inawakana. Bambo wina wa ku Lwendulu anabwerera kunyumba kukatenga chithunzi cha m'ma 1990 kuti dokotala aone yekha mmene analili. Dokotala anayang'ana chithunzicho mwaulemu wonse, nalemba zimene anauzidwa. Kwa aliyense ankayamba wafotokoza kuti magaziwo ndi a chiyani, ndipo kuti sakulonjeza mankhwala alionse.

A Raphaeli anabwera, anamvetsera, anayang'ana bokosi lozizira lija mbali zonse, nakana. A Stanford anayamba kuwanyoza, koma dokotala anatuluka n'kunena kuti bamboyo ali ndi ufulu, asiyidwe. A Raphaeli anakhala pa benchi tsiku lonse monyadira, akuuza aliyense kuti dokotala weniweni wawaikira kumbuyo.

A Antonio analowa molimba mtima, akuimba nyimbo ya pachingwe. Ataona singano nyimbo inathera pakati, ndipo tinangomva chiphokoso ngati thumba la simenti lagwa pa lole. Anawadzutsa amuna anayi, awiri a iwo a ku Lwendulu, zimene a Antonio sanazikhululukire mpaka lero.

Darlington analowa pomaliza, bambo ake atamuyang'anitsitsa mpaka kusowa pothawira.

Patapita milungu ingapo dokotala anatumiza zotsatira za aliyense payekha kudzera kukiliniki, ndipo amene anapezeka ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi anauzidwa kuti ayambe chithandizo. Analipo angapo, a Antonio mmodzi wa iwo. A Stanford anamuimbira dokotala pa foni ya Darlington kufunsa kuti wapambana ndani, Madumabisa kapena Lwendulu. Iye anayankha kuti sanawerenge motero. Iwo anati palibe kanthu, akudziwa kuti akungowasungira ulemu a ku Lwendulu.

Za Darlington zinaonetsa kuti shuga ali m'malire, ndipo chizindikiro cha kutupa chija chakwerako pang'ono. Dokotala anati si zoopsa, koma ndi chenjezo. Ndinalipo tsiku limene bambo ake anamuitanira kuchipinda. Nthawi imeneyo anali atasiya kutuluka panja, ndipo mawu awo anali atachepa ngati thupi lomwe.

"Ine ndinkayesa kuti ndikusunga chuma," anatero. "Agogo ako anavutika ndi njala, ine ndinati ndidye mpaka njala ya banja lonse ithe. Sindikunena kuti mazondo ndi amene andipha, dokotala yemwe akuti sakudziwa bwinobwino. Koma iwe wauzidwa nthawi ilipo. Ine ndinauzidwa ndi sisitala, ndinamuyankha nthabwala. Uziyenda wapansi. Kombi isiyire okalamba."

Darlington, monga ana onse obadwira kuno, ukamulankhula Chichewa amayankha Chindebele. Tsiku limenelo anayesetsa. "Ndamva, ababa. Ndizayenda."

"Ndidzayenda," anamukonza bambo ake. "Chichewa chakonso n'chofunika kuchipatala."

Kuyambira pamenepo munthu amene kwa zaka zonse ankati woonda ndi wodwala anasanduka mlaliki wa kuyenda. Aliyense wobwera kudzawaona ankamuyang'ana pamimba asanamuyang'ane kumaso. Abusa enieniwo anauzidwa kuti kolala yayamba kuwathina. Ine anandiuza kuti ndachuluka kumbuyo, ndipo ndinawayankha kuti zaka zonsezi ndinkadikira kuti amuna anga azindikire.

A Mailesi ndi amene ankavutika kumvetsa. Tsiku lina tikuchapa anandifunsa motsitsa mawu, "A Letty, ndiye kuti ndinawapha ndine ndi kuphika?"

Ndinakawauza a Stanford, chifukwa funso lotero silofunika kugona nalo. Anawaitana akazi awo, nawagwira dzanja.

"Mayi a Darlington, inu munkaphika. Wotsegula pakamwa ndinali ine. Ndiponso shuga amene ndinkathira inu mutatembenuka, mukamudziwa mungandimenye ndili pa bedi pomwe pano."

"Ndinkadziwa," anatero a Mailesi. "Mumayesa chitini chinkatha chokha?"

Anamwalira mu 2008, kutentha kwa Okutobala kuli pachimake, mvula isanagwe. Ululu unali waukulu masabata omaliza, ndipo mankhwala ankasowa, koma Darlington ankayenda ponseponse mpaka kuwapeza. Za kafukufuku uja tinamva pambuyo pake kuti magazi ena anawonongeka magetsi atazima nthawi yaitali, ndipo otsalawo ankaloza kumene dokotala ankaganizira, koma anthu anali ochepa kuti anene motsimikiza. Anati ena adzapitiriza. Darlington amayendabe wapansi kupita kokwerera basi ya kuntchito, kutali ndithu, akudandaula njira yonse.

Pa maliro panadzaza anthu, ndipo a Mailesi anali atalira mpaka mawu kutha. Kwa ife, msuweni saloledwa kungokhala n'kumalira ngati mlendo. Ali ndi ntchito. Ndinalowa kuchipinda, ndinatenga ovolosi yawo yakale ya kumgodi, ndinaivala n'kulongamo mapilo onse a m'nyumbamo ndi bulangete limodzi. Ndinatuluka ndikuyenda mmene ankayendera, miyendo tang'a, mikono kutali ndi thupi, ndikupuma ngati sitima yokwera phiri. Ndinapita molunjika pamene panakhala a Mailesi, n'kunena ndi mawu okhuthala, "Mayi a Darlington, anthu onsewa adya, nanga ine?"

Amayi a Chigwirizano anayesa kugwira pakamwa, koma zinakanika. A Mailesi anandiyang'ana, anaseka, analira, anasekanso, kenako anandimenya ndi mpango n'kunena kuti ndivule msanga ndisanawang'ambire nsalu yabwino.

Nsaluyo inalidi yabwino. Nyumba ya kampani ataibweza, a Mailesi anasamukira kwa Darlington ku Empumalanga, ndipo ovolosi ija anapita nayo kwa telala. Munatuluka akabudula atatu a adzukulu, chikwama chopitira kumsika, ndi kansalu kotsala kamene mpaka pano amagwirira mapoto otentha.